Napolo Sabadwira m'Phiri

Makolo athu, ataona madzi akugubuduza miyala ndi mitengo ku Zomba m'chaka cha 1946, ndiponso ku Phalombe mu 1991, adati Napolo wadutsa. Ndipo ngakhale sitingawanyoze, pakuti adatcha dzina chinthu chimene maso awo adapenya, kuyenera kwa ife kuvomera lero kuti chilombo chimenechi, chingakhale chimatsikira m'phiri, kwawo kwenikweni ndi kunyanja zakutali.

Taganizirani namondwe wa Freddy. Iye adabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro a February 2023, naoloka nyanja yonse ya India, akumwa mphamvu m'madzi ofunda monga mwana ayamwa bere, napyola Madagascar, nagunda Mozambique kawiri, kufikira pamene, m'mwezi wa March, adakhuthula mvula yake paphiri la Soche, pa Mulanje ndi pa Chiradzulu, napululutsa miyoyo yoposa 1,000. Masiku ake onse adakwana 36, ndipo m'masiku amenewo akatswiri a zanyengo ankamuona akudza.

Chimodzimodzinso ndi nyanja ya Pacific, imene ambiri a ife sitidzaiona ndi maso: madzi ake a kum'mawa akazizira, nyengo imene amaitcha La Niña, mvula kawirikawiri imachuluka kuno kummwera kwa Africa, Shire ndi Ruo nkusefukira, koma akafunda, ndiye El Niño, chimanga chathu cha kuchigawo cha kummwera chimapserera, pamene anzathu a ku Kenya ndi Somalia akulira maliro a chigumula, monga zidachitikira kumapeto a 2023 ndi kumayambiriro a 2024.

Tsono ngati tsoka limayenda ulendo wa masabata, zizindikiro zake nkumaonekeratu, tidzawiringula bwanji kuti lidatidzidzimutsa? Nowa sadayembekeze dontho loyamba kuti ayambe kukhoma chingalawa. Boma lipereke malo okwera okhala ndi minda, mijigo ndi sukulu, pakuti munthu wa ku Makhanga sangasiye dimba la makolo ake kukakhala pathanthwe. Chenjezo la nthambi yoona zanyengo lifike kwa nyakwawa aliyense m'chinenero chomveka. Ndipo ife eni ake tileke kumanga nyumba m'makwawa ndi kumeta mapiri athu mpala.

Abale anga, madzi akatayika saoleka. Wailesi ikadzati namondwe waonekera kunyanja, nyamulani ana, nkhalamba ndi mbewu, mukwere kumtunda kudakali kowala.