Foni Yosweka Si Yotaya

Mkangano wa mafoni walowa m'mabanja athu. Ku Avondale, ku Chelstone ndi ku Kabwata acinyamata amatsutsana kosaleka: uyu ati iPhone ndiyo mfumu, uyo ati Samsung, winanso ati Tecno iposa Itel. Ambiri sadziwa kuti Tecno, Itel ndi Infinix onse ndi a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China. Ife tikangana cifukwa ca maina, ndalama zathu zigwera m'thumba limodzi.

Kholo lacikhristu lifunse cina: kodi foni iyi idzakhala zaka zingati, ndipo ikawonongeka adzaikonza ndani? Batire imafooka, galasi limasweka, koma zonsezi zitheka kusintha. Ku Katondo Street ndi ku Town Centre Market kuli anyamata aluso amene amadyetsa mabanja ao ndi nchito imeneyi. Cobvuta ndi cakuti makampani ena amamata batire ndi guluu, ndipo zida zenizeni zokonzera sizipezeka msanga.

Mu 2017 Apple inabvomera kuti inali kucepetsa liwiro la ma iPhone akale amene mabatire ao anafooka, ndipo mu 2020 boma la France linailipiritsa ma euro 25 miliyoni cifukwa cosauza ogula. Kuyambira pa 20 June 2025, maiko a European Union alamula kuti zida zokonzera mafoni atsopano zizipezeka kwa zaka 7 foniyo italeka kugulitsidwa. Ufulu wokonzetsa cinthu cimene tagula ndi thukuta lathu tiufunenso kuno.

Malemu Papa Francis, m'kalata yao Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula khalidwe logula ndi kutaya. M'mafoni muli mkuwa, ndipo m'mabatire muli cobalt, amene wambiri amakumbidwa ndi anansi athu ku Congo. Kutaya foni yabwino ndi kutaya nchito ya abale athu ndi mphatso ya Mlengi.

Tsono tisanagule, tifunse ngati batire ndi galasi lace zipezeka m'Lusaka. Tisatenge kaloba cifukwa ca foni yatsopano pamene ana alibe nsapato za kusukulu. Foni yakale tiikonze, tiipereke kwa agogo kumudzi, ndipo batire yakutha tisaiponye pamoto. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiphunzitse ana athu kusamala cimene ali naco.