Ndulu Siyachabe Ayi

Mbuzi ikaphedwa pamudzi, wosenda amachotsa ndulu mosamala nakaitaya kutali, poopa kuti ikaphulika nyama yonse iwawa. Ana oonerera amakula ndi maganizo akuti ndulu ndi chinthu chachabe. Aphunzitsi ambiri sawongola maganizo amenewa, pakuti amangojambula ziwalo pabolodi ndi kuuza ana kuti aloweze maina.

Komatu munthu aliyense ali nayo ndulu. Madzi obiriwira aja amapangidwa ndi chiwindi, ndipo kathumba kaja kamangowasunga. Chakudya chikaphwanyidwa m'chifu chimalowa m'matumbo aang'ono, otalika pafupifupi mamita 6 mwa munthu wamkulu. M'menemo ndulu imamwaza mafuta a mtedza kapena a nyama kukhala timadontho ting'onoting'ono, monga achitira sopo m'mbale yamafuta, kuti madzi ochokera ku kapamba awagaye msanga. Ndulu ikapanda kufika m'matumbo, mafuta ambiri amangotuluka ndi chimbudzi, natenga ndi mavitamini A ndi D omwe.

Mphunzitsi wofunadi kuti ana amvetse akapemphe zam'kati za nyama kumsika. Kumene chipembedzo chilola, asankhe za nkhumba, pakuti chifu cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi pamene cha nkhumba n'chimodzi ngati cha munthu.