Konzani Njinga Mvula Isanagwe

Tonse tikumbukira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 kuchigawo cha kummwera. Ku Mulanje ndi ku Phalombe milatho inakokoloka, magalimoto analephera kufika, ndipo zitsime zinadzaza matope kolera ili m'dziko. Tsono pamene galimoto iima, njinga ipitabe m'kanjira.

Tiyeni tiwerenge monga tichitira m'kalasi. Pa ngozi munthu mmodzi afuna malita 15 pa tsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Banja la anthu 6 lifuna malita 90, ndiwo pafupifupi zigubu 5 za malita 20. Mayi asenza chimodzi chokha, cholemera makilogalamu 20, ndipo ayenda kasanu kumjigo wakutali. Njinga itenga zitatu: ziwiri m'mbali mwa kaliyala, chimodzi pamwamba. Maulendo awiri akwanira.

Chotero tipempha mamembala onse a nthambi yathu kuti ayang'ane masipoko, mabuleki ndi matayala tsopano lino, nasunge pampu, chubu ndi mphira zomangira. Dzazani zigubu mpaka kukamwa kuti madzi asakhuvuke, linganizani katundu mbali zonse, ndipo potsetsereka tsikani muzikankha. Madziwo thiranimo klorini musanamwe.

Kwa inu abambo tinena mosabisa: njinga si ya kumsika ndi kumowa kokha. Amayi akasowa madzi, banja lonse lidwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.