Mtengo wa pa intaneti si mtengo wa pa Chitakale



Lero ndabwera ndi mkwiyo pang'ono. Tsiku lina ndikudikira minibasi pa Chitakale ndinakumana ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu. Pano akugwira ntchito ku Blantyre, zinthu zikuoneka kuti zikuyenda. Tisanamalize n'komwe kulonjerana, foni inali kale pamphuno panga. Pa foniyo panali Land Cruiser 300, yakuda, yonyezimira.

"Sala, taonani. Kunjaku ndi madola 100,000 basi. Ndachulukitsa ndi reti ya kubanki, yabwera K175 miliyoni. Nanga bwanji ogulitsa kuno amatibera chonchi?"

Ndinamuyang'ana ndipo mtima unandiwawa. Kuchulukitsa anakhoza, koma funso analakwa. Ndipo si yekha. Ngakhale mu stafu rumu timachita zomwezi: kuona mtengo wa ku Dubai kapena ku Japan, kuchulukitsa kamodzi, n'kuyamba kulota. Tiyeni tibwerere pa bolodi.

Ndigwiritsa ntchito manambala a mu 2024, pamene dola kubanki inali pafupifupi K1,750. Galimoto yathu ndi yomwe ija ya madola 100,000. Choyamba, galimoto siuluka. Iyenera kukwera sitima mpaka padoko, kaya la Dar es Salaam, Durban kapena Beira, kenako iyende pamsewu mpaka pachipata cha Songwe kapena Mwanza. Tiyerekeze kuti sitima ndi inshuwalansi zadya madola 5,000. Tafika pa 105,000, ndipo a MRA amayambira apa kuwerengera, osati pa mtengo wa pa foni uja.

Ndiye pakubwera misonkho itatu, ndipo apa mpamene ambiri amagwera m'mbuna. Saphatikiza maperesenti atatuwo n'kuchulukitsa kamodzi ayi. Wachiwiri umakwera pamsana pa woyamba, wachitatu pamsana pa onse. Kasitomu ya 25 peresenti ndi madola 26,250; tafika pa 131,250. Kenako ekisaizi, yomwe imatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Injini ya chilombo ichi ndi yoposa 3,000cc, choncho musayembekezere chifundo. Kuti samu iphweke ndiika 50 peresenti, nambala ya m'kalasi chabe: madola 65,625. Tafika pa 196,875. Pomaliza VAT, yomwe chaka chimenecho inali 16.5 peresenti, ikuluma pa zonsezi: madola 32,484. Pamodzi, 229,359.

Mu kwacha ndi K401 miliyoni. Wogulitsa sanaikepo phindu lake, wokuchitirani za mapepala pachipata sanalipidwe, nambala ya galimoto simunadule. K175 miliyoni ija yasanduka K401 miliyoni galimoto isanaponde msewu wa Midima.

Ndipo ndakhala ndikukunyengererani, chifukwa ndayerekeza kuti banki ikupatsani madolawo pa K1,750. Amene anayesako kupempha ndalama zakunja zaka zimenezi akudziwa kuti yankho limakhala lakuti bwerani mawa. Ambiri amathera ku msika wamseri, kumene mtengo unkafika kuposa kawiri. Onjezerani izi: mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anaitanitsa galimoto mu October dola ili pafupifupi K1,180 anakailandira dola itafika K1,700. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma mkwiyo wanga suli pa mnyamata uja. Iye akadzalimba mtima n'kugula, adzalipira msonkho wonse, ndipo K218 miliyoni idzalowa m'thumba la boma. Ameneyo ndidzamuombera m'manja. Mkwiyo wanga uli pa funso limene sitifunsa: mwa zilombo zimene zimatithira matope pa Limbuli ndi pa Nkando, ndi zingati zimene zinadutsa mu samu imeneyi?

Zambiri zili m'magulu awiri. Zina zinagulidwa ndi boma, kutanthauza ndi msonkho umene umadulidwa pa malipiro anu ndi anga mwezi usanathe. Zina zinalowa mwaulere, chifukwa malamulo athu amalola aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu ena kulowetsa magalimoto osalipira kasitomu. Kwa iwowo samu imathera pa mzere wachiwiri wa bolodi. K218 miliyoni ija imangosowa ngati mame. Pomwe mayi wogulitsa chinanazi m'mbali mwa msewu amalipira msonkho pa mayunitsi aliwonse amene waika mu foni, ndipo wa kabaza wa pa Muloza amaulipira pa lita iliyonse ya petulo.

Matendawa si a chipani chimodzi. Mu 2000 boma la a Bakili Muluzi linagulira nduna ma Mercedes-Benz 39, mpaka a ku Britain, amene ankatithandiza ndi ndalama, anakwiya. Mu 2005, chaka cha njala, nyuzi zinadzaza ndi nkhani ya Maybach ya ndalama zoposa theka la miliyoni ya madola imene ankafuna kugulira a Bingu wa Mutharika. Mu 2012 mayi Joyce Banda analengeza kuti agulitsa ndege ya pulezidenti ndi ma Benz 60 a boma. Tinaomba m'manja. Yang'anani mdipiti wa magalimoto nduna ikamabwera kudzayendera chitukuko, mundiuze ngati tinachira.

Ndikudziwa zimene ena munene. Mukuti misewu yathu ndi yoipa, bwana sangafike kumudzi pa kagalimoto kakang'ono. Zoona. Namondwe wa Freddy atatikantha mu March 2023, milatho itakokoloka kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, galimoto zamphamvu zinafunikadi. Koma zimene zinanyamula ufa ndi odwala zinali mapikapu ndi malole. Mipando yachikopa siolotsa munthu pa Ruo. Ndipo ngati msewu waipa, mankhwala ake ndi kukonza msewu, osati kugulira munthu mmodzi galimoto yoti asamve mabampu.

Ena mukuti ndi nsanje ya mphunzitsi woyenda panjinga. Kaya. Koma mvetsani ichi: madola amene amapita kukagula galimoto imeneyi amachokera mu nkhokwe imodzi ndi madola ogulira mankhwala, feteleza ndi mafuta. Amabwera ndi fodya, ndi shuga, ndi tiyi amene amayi athu amatchola m'mamawa m'minda ya m'tsinde mwa phiri lino. Munthu amene anagonapo pamzere wa petulo ali ndi ufulu wofunsa kumene madola anapita. Kumeneko si nsanje, n'kuwerengera.

Choncho aphunzitsi anzanga a masamu, ndikupemphani kanthu kamodzi. Mukafika pa mutu wa maperesenti ku Folomu 2, siyani kaye zitsanzo za malalanje. Lembani galimoto imeneyi pa bolodi. Ana awerengere kawiri: koyamba ngati munthu wamba, kachiwiri ngati bwana wosalipira kasitomu. Akapeza kusiyana kwake, afufuze kwa kalipentala mtengo wa desiki imodzi, agawe. Yankho alilembe okha, atakhala pansi pomwe amakhalapo.

Mnyamata uja ndinamulembera samu yonse kuseri kwa envulopu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka, n'kunena kuti, "Sala, ndiye ndiyambe ndi ka Sienta." Ndinamuuza kuti nakonso akawerengere bwino asanatumize ndalama.

Amene mwapeza cholakwa mu samu yanga, bwerani nacho. Choko ndikadali nacho.