Kalata ya Abusa pa za Kusiyana kwa Olemera ndi Osauka



Mabasi opita ku Joni amanyamuka atadzaza achinyamata athu, monga momwe agogo awo ankapitira kumigodi pa nthawi ya Wenela. Sitikuwadzudzula, pakuti akuona zoona. Katswiri wa zachuma Branko Milanovic anasonyeza kuti kuposa theka la kusiyana kwa ndalama zomwe anthu amapeza padziko lapansi kumachokera ku dziko limene munthu anabadwira kapena akukhala, osati ku khama lake. Koma mnyamata wathu akafika ku Johannesburg amagona m'kachisakasa ku Alexandra, kungowoloka msewu kuchokera ku nyumba zosanja za ku Sandton. Pa muyeso wa Gini, pomwe 0 ndi kugawana mofanana ndipo 1 ndi munthu mmodzi kutenga zonse, South Africa inali pa 0.63 mu 2014, pakati pa mayiko osiyanitsa anthu kwambiri. Dziko likhoza kulemera, anthu ake ambiri n'kumagonabe ndi njala.

Tikunena izi chifukwa atsogoleri athu azolowera kuloza chala kunja. N'zoona kuti mitengo ya fodya ndi tiyi sitiikhazikitsa tokha, ndipo ngongole zakunja zimatipana. Komabe phompho la kuno kwathu tinalikumba ndife. Lipoti la Oxfam la 2015 linapeza kuti cha m'ma 2004, anthu khumi olemera kwambiri pa anthu zana alionse ankagwiritsa ntchito chuma choposa cha khumi osaukitsitsa maulendo 22. Pofika 2011 anali maulendo 34. Kafukufuku wa boma wa 2019/20 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwini madola ndi nyumba za lendi sanadandaule kwenikweni. Amene anamva ululu ndi mlimi wogula feteleza ndi mayi wogula sopo wa tsiku limodzi.

Ena amati tiyambe takuza chuma, zogawana tidzaona pambuyo, natchula China, komwe anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni. Koma kusintha kwa China kunayambira m'midzi kuyambira 1978, pamene mabanja anapatsidwa minda yolima okha n'kumagulitsa zotsala. Osauka anali m'kati mwa ntchitoyo kuyambira pachiyambi. Ngakhale kumeneko, mizinda ya m'mphepete mwa nyanja inasiya kutali zigawo za m'kati. Enanso amati abusa asalowerere za ndale. Koma munthu wachuma uja wa pa Luka 16 sanamenye Lazaro, anangomudutsa pakhomo tsiku ndi tsiku. Ndipo maepiskopi a Katolika atalemba za mpata wa pakati pa olemera ndi osauka mu Marichi 1992, ambiri amene amawayamika lero ankati akwiyitsa boma pachabe. Choncho tikupempha aphungu kuti pokambirana bajeti afunse poyera chifukwa chake misonkho ya pa katundu wogula aliyense imatoleredwa mwachangu, pamene mankhwala a m'zipatala za kumidzi amafika mochedwa.

Ife abusa anu