Inu muli pa tsamba liti?

Loweruka lililonse dzuwa likapendeka timakumana pakhonde la golosale ina pamsika wa kwathu kuno. Sitibwerera bawo kapena mkangano wa Bullets ndi Wanderers ayi. Tilipo asanu: ine, mlangizi wa zaumoyo, mnyamata wotchaja mafoni ndi sola, mayi wina amene anapuma pantchito ya unamwino, ndi mtsikana wa Fomu 3. Funso lathu ndi limodzi: mukuwerenga chiyani panopa, ndipo mwafika pati?

Chimatilumikiza ndi mabuku omwe anthu ambiri amangoti "zabodza", nkhani zopeka za sayansi, za maiko a kutsogolo ndi za matsenga. Ambiri mwa mabukuwa ndi a kaunjika, ogula m'mbali mwa msewu mmodzi wa ife akapita ku Lilongwe, ndipo ena amabwera masamba omalizira atathothoka. Malamulo athu ndi awiri. Loyamba, osaulula mathero. Lachiwiri, buku ndi la Chingerezi inde, koma ulifotokoze m'Chichewa.

Alangizi a zaumoyo mwezi uno wachitatu akulimbana ndi Dune, buku la Frank Herbert la mu 1965. Akuti maina ndi ambiri ngati kaundula wa makuponi, ndipo kawiri konse analitaya pansi. Chomwe chikuwabweza ndi nkhani ya madzi. Pa dziko la Arrakis pali mchenga wokhawokha, moti anthu amavala zovala zosefa thukuta ndi mkodzo kuti azimwanso madziwo, ndipo kulavula malovu pamaso pa munthu ndi ulemu waukulu chifukwa wapereka madzi a m'thupi mwako. Iwo ntchito yawo ndi yogawa kolorini ndi kuyendera mijigo, ndiye atafika pamenepo anangoti, "Aphunzitsi, mzungu ameneyu anakhalako kuno mu Okutobala."

Ine ndili pakati pa Parable of the Sower, la Octavia Butler. Linatuluka mu 1993 koma nkhani yake imayambira mu Julaye 2024, kufupi ndi Los Angeles. Mtsikana wa zaka 15, Lauren Olamina, mwana wa abusa, akukhala m'kamudzi kotchingidwa ndi mpanda wa njerwa. Mvula yasowa, madzi akwera mtengo kuposa petulo, apolisi sabwera usanawalipire. Akuluakulu akudikira kuti zinthu zibwerera mwakale, pamene mwanayu akulongedza mwachinsinsi chikwama: ndalama pang'ono, mapu, ndi mbewu. Ndisaname, mbewuzo zandisowetsa tulo. Chaka chomwecho cha 2024, mu Malichi, boma lathu linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Ndikudziwa mabanja amene anakazinga chimanga chomwe anasungira kudzala. Sindikuti Butler anali mneneri. Iye ankayang'ana dziko lakwawo la America ndi kufunsa kuti zikapitirira chonchi tikathera kuti. Koma funso lakuti njala ikafika pakhosi umadya mbewu kapena umasunga, ife sitilidziwira m'buku. Pali malo ena pomwe Lauren amalalikira kwambiri mpaka ndimadumpha ndime. Izi ndinaziulula pagulu, ndipo amayi a unamwino anandidzudzula kuti mphunzitsi sadumpha.

Koma nkhani imene yandikhalitsa pansi kulemba ndi ya mtsikana uja.

Ndinamubwereka Akata Witch, buku la Nnedi Okorafor la mu 2011. Limakamba za Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12, wobadwira ku New York koma akukhala ku Aba, m'dziko la Nigeria. Amakonda mpira koma dzuwa silimulola, anzake kusukulu amamunyoza, kenako amazindikira kuti ali ndi mphamvu zomwe sankazidziwa. Ndinkaganiza kuti m'dziko lathu lino, momwe abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama, mwana wa sukulu ayenera kukumana ndi nkhani yomwe munthu wotere ali ngwazi, osati mtembo wa pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Chimene sindinaganizire ndi chikuto. Azakhali ake, omwe amamulipirira fizi, Chingerezi sadziwa kwenikweni, koma liwu lakuti witch amalidziwa. Analanda bukulo, nkumuletsa mwanayo kubwera Loweruka, ndipo mbiri inayamba kuyenda kuchigayo kuti aphunzitsi ena akugawira ana mabuku a ufiti.

Musaseke. Kumudzi kuno mphekesera yotere yathamangitsapo anthu pamudzi, ena nyumba zawo kutenthedwa. Ndipo kulakwa kunali kwanga. Ndinapereka buku kwa mwana wa eni popanda kuganiza kuti likalowa m'nyumba yotani.

Ndinapita kukawaona. Anandiyalira mphasa koma nkhope inali yomanga.

"Aphunzitsi, ife tinatumiza mwana kukaphunzira. Izi ndi ziti?"

"Mayi, pepani, ndinayenera kuyamba ndakufotokozerani. Ndiloleni ndikuuzeni zili m'menemo, mukatero muweruze nokha."

Ndinawafotokozera monga timachitira pakhonde paja, m'Chichewa, kuyambira pomwe Sunny akuona zoopsa m'lawi la kandulo. Ndinawauza poyera kuti matsenga alimo, chifukwa kubisa kukanangoipitsa zinthu. Kenako ndinawafunsa ngati agogo awo sanawasimbireko za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankathawa mvula. Anati anawasimbira, ndipo nyimbo yake akuikumbukira mpaka lero. Ndinati, kodi alipo anayamba kuumba ana chifukwa cha nthanoyo? Anaseka pang'ono, nkubweza kusekako msanga. Sananditsutse, komanso sanandivomere. Bukulo anandibwezera m'manja, ndipo anati mwanayo akhoza kumabwera, koma zowerenga zake ndiziyamba ndawauza iwo. Sindinaone cholakwa pamenepo.

Pobwerera ndinakumbukira kuti buku lomweli ku Nigeria ndi ku Britain linasindikizidwa ndi mutu wina, What Sunny Saw in the Flames. Ndikanapeza limenelo mwina zonsezi sizikanachitika, komanso sindikanakhala pamphasa paja.

Chimene ndinatolapo ndi ichi: ife okonda mabuku amenewa timawerenga ngati tikuba. Timabisa chikuto m'nyuzipepala, tikafunsidwa timati "ndi kanovelo chabe". Ndiye anthu aziganiza chiyani? Chinthu chimene mwini wake akuchita nacho manyazi, woona amachiyesa choipa. Pomwe ukangofotokoza m'chilankhulo chathu, nkhani ya chilombo cha mumchenga cha ku Arrakis sikhalanso yachilendo kwa munthu amene anakula akumva kuti Napolo akasamuka kuphiri amakokolola midzi. Malemu Steve Chimombo anamulemba Napolo yemweyo m'mabuku ake, ndipo palibe anawatcha mfiti.

Ndiponso si za azungu okha. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa ya zaka 500 zikubwerazo, ndipo kuchokera ku Lilongwe komweko kunatuluka Imagine Africa 500, buku la nkhani zifupizifupi momwe muli olemba a kuno kwathu monga Muthi Nhlema pamodzi ndi anzawo a maiko ena. Wotchaja mafoni uja ndiye akuwerenga limeneli. Iye madandaulo ake ndi akuti olemba athu akaganiza za kutsogolo amaona mavuto okhaokha, ngati kuti zaka 500 sizokwanira kukonza magetsi. Amayi a unamwino amamuyankha kuti nkhani yopanda vuto si nkhani, ndi lipoti. Mkanganowo sunathe.

Loweruka lapitali mtsikana uja anabwera. Tsopano ali ndi The Hobbit, la J.R.R. Tolkien la mu 1937, lomwe ndinayamba ndakalifotokoza kwa azakhali ake. Wafika pomwe Bilbo akuponyerana ndagi ndi Gollum mumdima wa pansi pa phiri, ndipo akuti usiku amawamasulira azakhaliwo ndagizo. Imodzi anaimasula asanamalize nkomwe kuinena, nkumuuza kuti ndagi za azungu ndi zofewa.

Nanga inu owerenga, muli ndi buku lanji pamutu pa bedi sabata ino? Tilembereni patsamba lino, mutchule mutu wake ndi pomwe mwafika, ngakhale likukutopetsani. Koma amene munamaliza Parable of the Sower, chonde musandiuze ngati mbewu zija zinadzalidwa.