Mango a mu June m'basi ya ku Matero

Mlembi wa danga lino anakwera basi ya ku Matero Lachiwiri lapitali, ndipo isanachoke n'komwe mu msewu wa Lumumba, m'basimo munadzaza fungo la mango akupsa. Mango mu June! Mkuluyu anatembenuka kufunafuna mayi wa dengu kuti agule awiri, koma anangoona mnyamata wa yunifolomu ya sukulu atakhala pawindo, akupopa kanthu kooneka ngati cholembera chonenepa.

"Iwe mwana, ukusuta m'basi?"

"Ba mudala, si fodya iyi, ni vape chabe," anatero mnyamatayo mwaulemu ndithu. Kondakitala ankangowerenga ndalama zake.

Si fodya eti. Kanthuka kali ndi batire lomwe limatenthetsa timadzi, timadzito n'kusanduka nthunzi, ndipo m'timadzi tambiri totere muli chikonga chomwe chija chinagwira agogo athu pakhosi mpaka kumanda. Anakapanga ndi Hon Lik wa ku China mu 2003, pofuna kuti akuluakulu asiye ndudu. Koma mdala wa ku Chawama amene wasuta zaka 40 safuna utsi wonunkhira ngati switi. Wothira fungo la mango amadziwa bwino mphuno yomwe akuikola, ndipo tonse tikuidziwa.

Malamulo alipo, pepala silisowa m'dziko muno. A zaumoyo a 1992 analetsa kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 16, koma analembedwa kanthu ka batireka kasanabadwe. Mu 2008 Zambia inalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya, ndipo chaka chomwecho kusuta pagulu kunaletsedwa. Kenaka bilu yaikulu ya fodya inatha zaka zoposa khumi ikungozungulira m'maofesi, uku a zaumoyo akukoka, uku ena akukumbutsa za alimi a fodya a ku Chipata ndi Lundazi. Anzathu a ku Uganda sanazengereze: lamulo lawo la 2015 linaletseratu ndudu za batire, n'kuika zaka 21 ngati msinkhu wogulira fodya. Britain inaletsa ma vape osuta n'kutaya kuyambira pa 1 June 2025.

Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulo lomwe silinafike pa kantemba ka ku Kanyama likadali pachala.

Owerenga akale akudziwa kuti apa mlembiyu alowa nkhani ya tujilijili, ndipo sapepesa. Mu April 2012 Pulofesa Nkandu Luo, ali nduna ya maboma aang'ono, analetsa timasacheti ta mowa tija. Komboni yonse inawomba m'manja, mlembiyu anawomba kuposa onse. Sipanapite nthawi, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo, anyamata n'kuupatsa dzina la junta, ndipo ankaugula m'mawa mbee. Chinaletsedwa chinali pulasitiki, mowawo unangosintha malaya. Mkuluyu zimamuwawabe mpaka lero.

Atatsika basi, anapita kukadandaula kwa mwini kantemba wina pafupi ndi msika wa Matero, yemwe amagulitsa ndudu imodziimodzi pambali pa mabisiketi ndi machesi. Ma vape alibe, akuti ndi odula, anyamata amawapeza m'tauni ndi pa WhatsApp, ena n'kusonkherana kamodzi anthu asanu. Atafunsidwa za lamulo la zaka 16 lija, anaseka.

"Nanga bambo, mwana akabwera n'kuti andituma atate ndudu ziwiri, ine ndimufunse chitupa cha NRC? Mawa atate akewo adzagula kwa mnzanga uyo."

Mlembiyu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anakumbukira kwawo ku komboni ya George ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amalume ake ankamutuma ndudu pa kantemba, n'kuwonjezera kuti akaiyatsiretu pa mbaula ya oyandikana nawo. Kuchoka pa mbaulapo kufika pamene amalume ankakhala panali kamtunda, ndipo kuti isazime m'njira, mwana ankaikoka kawiri, nthawi zina katatu. Amalume ankailandira itafupika, n'kumutaira ndalama ya switi.